Atsikana pakamwa, anyamata zala: anagamula ndani?

Chakumapeto kwa chaka cha 1929, mumzinda wa Kansas City ku America, bandi ya nyimbo za jazi ya Andy Kirk yotchedwa Twelve Clouds of Joy inapeza mwayi umene mabandi onse a nthawi imeneyo ankaulota. Akuluakulu a kampani ya Brunswick anabwera kudzaimvera kuti aone ngati ingajambulidwe pa mbale za galamafoni. Nthawi itakwana, bambo amene ankayimba piyano m'bandiyo sanatulukire. Kirk, atasowa pogwira, anaitanitsa mkazi wa mmodzi mwa oliza saxophone ake, mtsikana wa zaka 19 amene m'gulumo ankangothandiza kuyendetsa galimoto pa maulendo, ndipo masiku ena ankayendetsa galimoto yonyamula maliro kuti apezeko ya ndiwo. Nyimbo za bandiyo anali atazisunga kale m'mutu pongomvera. Anakhala pampando n'kuyimba. Chaka chotsatira bandi inapita ku Chicago kukajambulanso, iye n'kumusiya kunyumba, koma mkulu wa kampaniyo, Jack Kapp, anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti sajambula kanthu mpaka mtsikana uja abwere. Anamutumizira uthenga, iye n'kukwera sitima. Dzina lake anali Mary Lou Williams, ndipo anakhala ndi bandiyo mpaka 1942, akuyimba piyano komanso kulemba polowera ndi potulukira chida chilichonse m'nyimbo zake.

Ambiri akamva nkhaniyi amati mayiyu anali wamwayi. Ine ndimakana. Kujomba kwa bambo uja kukanangothera m'madandaulo chikhala kuti mtsikanayo sanathe zaka pafupifupi 15 zala zake zili pa piyano. Ndiye tabwerani kwathu kuno ku chigwa cha Shire. Lamulungu likubwerali, m'tchalitchi chilichonse kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, mnyamata wa kiyibodi adwale malungo, kapena njinga imuphulikire panjira. Chichitike n'chiyani? Kwaya yodzaza ndi atsikana ndi amayi iyimba ndi m'manja mokha, kiyibodi ili chivundikirire pakona. Palibe mtsikana amene adzuke kuti akakhale pampando uja, ndipo chomuletsa si manyazi ayi. Sanaigwirepo chibadwire.

Ndikunena mosapsatira: chimene chikusowetsa chigwa cha Shire akazi oyimba zida si luso, komanso si umphawi monga timakonda kudzikhululukira. Ndi maola. Chida chimafuna munthu akhale nacho masana ambirimbiri, akulakwitsa, akubwereza, popanda womuthamangitsa. Maola amenewo tinawagawa kalekale, anyamata tinawapatsa onse, atsikana tinawauza kuti mawu awakwanira.

Ndakhala ndikuonerera maphunziro a kwaya pa tchalitchi china cha kufupi ndi Ngabu. Kiyibodi imakhala m'kabati ya m'chipinda cha kuseri kwa guwa, yokulungidwa m'chitenje chakale chifukwa cha fumbi, ndipo kiyi wa kabatiyo ali m'thumba mwa mnyamata mmodzi. Akabwera, tianyamata tating'ono timamuchingamira. Wina anyamula sipika, wina batire ya galimoto imene yachajidwa pa sola tsiku lonse, wina akumasula mawaya. Malipiro awo ndi amodzi: mkulu uja akatuluka kukayankha foni pansi pa mtengo wa nimu, amaloledwa kukanikizako. Sukulu yake ndi imeneyo, palibenso ina. Pakatha chaka, kamnyamata kamene kankanyamula batire kamakhala kakutha kutsatira nyimbo ziwiri zitatu. Atsikana nawo, kwaya ikangotha amathamanga, chifukwa dzuwa lapendeka, kumjigo kuli mzere, mapira sanasinjidwe, ndipo mwana wa amayi akudikira wom'bereka.

Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 7 analimba mtima. "Achimwene, ndigwireko pang'ono?" Mnyamatayo sanamuyang'ane n'komwe. "Iwe, uwononga. Ukudziwa mtengo wake?" Mkulu wa mpingo amene anali pafupi, munthu wabwinobwino wopanda nkhanza, anamutonthoza: "Mwanangu, zimenezi asiyire alongo ako. Iwe mawu uli nawo kale, Mulungu anakupatsa." Nkhani inathera pompo. Palibe amene anatukwana, palibe amene analemba lamulo. Chonsecho ndalama zogulira kiyibodiyo zinachokera kwambiri m'manja mwa amayi a mumpingomo, ena atagulitsa nkhuku, ena thumba la mchewere.

Taonani mmene zinayendera kwa Mary Lou. Anabadwira ku Atlanta pa 8 Meyi 1910, dzina lake loyamba lili Mary Elfrieda Scruggs, ndipo anakulira ku Pittsburgh m'banja losauka la ana ambiri. Amayi ake ankaliza limba lopopa ndi mapazi, ndipo ankamukhazika pamiyendo poyimba. Tsiku lina mwanayo, ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, anatambasula manja n'kubwereza chimene amayi ake anali atangoyimba. Amayiwo anadzidzimuka, koma sanamumenye padzanja. Bambo ake omupeza, Fletcher Burley, anamugulira piyano yakeyake. Pofika zaka 6 anali akuyimba m'maphwando, ndalama n'kumabweretsa kunyumba. Azungu oyandikana nawo, amene poyamba ankagenda nyumba yawo ndi njerwa, anasiya atayamba kumuitana kuti akawayimbire. M'nkhani yonseyi simukupezeka sukulu yapamwamba ya nyimbo kapena bungwe lothandiza ana. Mukupezeka chida m'nyumba ndi akuluakulu amene anamulekerera kuti achigwire.

Chinanso chimene iye mwini ankachikumbukira mpaka ukalamba ndi tsiku limene anaona mayi wina, Lovie Austin, akutsogolera bandi m'holo ya zisudzo ku Pittsburgh. Mayiyo anakhala pa piyano atapingasa miyendo, ndudu ili pakamwa, dzanja lamanzere likuyimba, lamanja likulemba nyimbo ya gulu lotsatira, mutu ukulamula amuna a m'bandi kuti alowe pati. Za nduduzo zisiyeni. Chachikulu n'chakuti mwana wamkazi anaona ndi maso ake munthu wamkazi atakhala pampando umene amuna onse akuyang'anako. Mtsikana wa ku Makhanga kapena ku Chapananga angaone kuti zoterezi? Pa ukwati, pa msonkhano wa ndale, pa chitsitsimutso, kulikonse amaona akazi atagwira maikolofoni kapena akuvina kutsogolo, amuna ali kumbuyo ndi zida. Ngakhale mayina a akazi amene Malawi amanyadira pa nyimbo, monga Ethel Kamwendo Banda, timawadziwa chifukwa cha mawu. Mwana salota chimene sanachionepo.

Mary Lou sanali yekha. Nina Simone, woyimba wina wotchuka wa ku America, anayamba kuliza piyano ali wamng'ono m'tchalitchi cha Methodist chimene amayi ake ankalalikiramo m'katauni ka Tryon ku North Carolina, ndipo anthu a m'kataunimo anasonkherana ndalama kuti aphunzire bwino. Mpingo wa kumudzi unatsegula chivundikiro cha piyano, basi.

Tsopano makolo ali ndi mawu awo, ndipo sindiwapeputsa. Amati za bandi n'za ku mowa, mtsikana akayamba kuyenda ndi oyimba abwera ndi mimba. Moyo wa Mary Lou sukuwatsutsa kwenikweni, ndipo ndingakhale wabodza nditaukometsa. Anayamba kuyenda ndi magulu a zisudzo ali kamtsikana, anakwatiwa ndi John Williams asanakwanitse zaka 18, zimene kuno kwathu malamulo akuletsa chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017. Banja limenelo linatha, lachiwiri ndi woliza lipenga Harold Baker silinakhalitsenso. Kansas City ya nthawi yake inali mzinda wosagona, wa juga ndi mowa, umene wandale Tom Pendergast ankaulekerera ngakhale kuti dziko lonse la America linaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933. Mary Lou ndalama zinkamudutsa m'manja. Anaona anzake akutha ndi mankhwala ozunguza bongo: Charlie Parker, katswiri wa saxophone, anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34 zokha. Mu 1954, ali ku Paris, Mary Lou mwini anadzuka pa piyano pakati pa ntchito n'kutuluka, ndipo anatha zaka pafupifupi zitatu osafuna kuyimbanso pagulu. Mayi amene akuopera mwana wake moyo woterewu sakulakwa.

Koma tiyeni tifunsane bwinobwino. Kodi chimene chinamuzunza chinali piyano, kapena usiku ndi anthu a usikuwo? Nanga atsikana athu amene sanagwirepo kiyibodi tawapulumutsa? Mimba za ana asukulu tili nazo zambiri m'chigwa muno, ndipo sizichokera ku nyimbo. Zimachokera ku njala, ku maulendo ataliatali a kusukulu, ku misasa imene timaunjikana madzi akasefukira, ku timisika ta m'mbali mwa msewu wa M1 pa masiku a malipiro. Mtsikana amene ali m'tchalitchi masana, chitseko chili chotsegula, mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano atakhala pabenchi akusenda nandolo, ali pamalo otetezeka kuposa malo ambiri amene timamutuma tsiku ndi tsiku popanda kuganiza kawiri. Ngati vuto lili anyamata a kwaya, tiwongole anyamatawo. Kulanda mtsikana chida chifukwa mnyamata alibe khalidwe ndi kulanga wosalakwa.

Ena amati jazi n'zachizungu, n'za m'mahotela a ku Blantyre, kuno n'zosafunika. Choyamba, jazi anaiyambitsa ndi anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo ochokera mu Africa muno. Chachiwiri, Amalawi anaikonda kalekale n'kuipanga yawo: Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakayimba mpaka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, ndipo Alan Namoko anatcha gulu lake Chimvu Jazz Band akuyimba ndi banjo ndi ng'oma zokhoma okha. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndimadabwa ndi anthu akwathu, munthu wa m'chigwa muno ndi womaliza amene anganene kuti kayimbidwe kotere n'kachilendo. Kakhaleni pafupi ndi valimba ku Nsanje usiku wa mwezi. Timatabwa tandandalikidwa kuyambira tating'ono mpaka tatikulu, pansi pake pali zikho zoboola zomatidwa kanembanemba kuti mawu azinjenjemera, ndipo amuna awiri kapena atatu agawana chida chimodzi. Wa kumawu aakulu agwira maziko osasuntha, wapakati aluka, wa kumawu aang'ono akuthamanga uku ndi uku, kutuluka m'njira n'kubwereramo pa nthawi yake. Palibe pepala. Aliyense akumvera mnzake ndi kumuyankha. Katswiri wa nyimbo za mu Africa, Andrew Tracey, anachita chidwi ndi luso limeneli mpaka analemba za gulu la valimba la Kambazithe Makolekole mu 1991. Woyimba piyano ya jazi wa nthawi ya Mary Lou ankachita ntchito ya amuna atatu aja yekha: dzanja lamanzere likudumpha pakati pa mawu aakulu ndi apakati kusunga mayendedwe a nyimbo, lamanja likupeka zatsopano pompopompo. Mary Lou ankadziwika ndi dzanja lamanzere lamphamvu. Khutu lomvera zimenezi ana a kuno amabadwa nalo.

Komatu ngakhale pa valimba pomwepo, m'maso mwanga ndimaona amuna okhaokha atagwira timitengo, akazi akuvina ndi kuyimba. Choncho sitinganamizire amishonale kapena kiyibodi ya ku Japan. Kugawa kumeneku n'kwathu. Ndipo amene amati mkazi sangasunge kugunda kwa nyimbo ndi manja sanaimepo pafupi ndi mtondo pamene amayi atatu akusinja ndi minsi itatu, uliwonse ukugwa pa mpata wake osagundana, nyimbo ili pakamwa, wina n'kuponya munsi m'mwamba, kuwomba m'manja, n'kuuwakha osaphonya. Amene angathe zimenezo, kiyibodi ingamukanike pati?

Mawu amene amandivuta kuyankha ndi a njala. Chigwa chino chaona madzi osefukira mu 2015 ndi mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anawononga ngakhale malo opangira magetsi a Kapichira, kenako Freddy mu Malichi 2023. Chaka chimene madzi sanabwere, chimabwera chilala, dzuwa la Okutobala n'kupitirira madigiri 40. Munthu amene akumanganso nyumba kachitatu ukamuuza za piyano akhoza kukuyesa wamisala, ndipo ali ndi chifukwa. Ndikanakhala kuti ndikupempha boma kuti ligule mapiyano a makiyi 88 n'kuwatumiza ku Bangula, bwenzi nanenso ndikudziseka. Koma zida zilipo kale. Mipingo yathu, ngakhale yofolera ndi udzu, inagula makiyibodi, ndipo madzi akamabwera kiyibodi imakhala m'gulu la katundu woyamba kusenzedwa kupita kumtunda. Masiku ambiri pa sabata imangogona m'kabati. Chimene ndikupempha sichifuna ndalama ina, kupatula mwina yochajira batire. Ndiponso tisaiwale kuti kuliza kiyibodi ndi ntchito ya ndalama. Mnyamata uja amaitanidwa ku maukwati, ku zinkhoswe, ku misonkhano, ku timasitudiyo ta pa Nchalo ndi pa boma, ndipo amabwerako ndi kanthu m'thumba. Pa dera limene ntchito zake ndi kudula nzimbe, kulima thonje, kabaza ndi usodzi, tatseka khomo limodzi la ndalama kwa theka la ana athu, kenako n'kumadandaula kuti atsikana amangodalira amuna.

Sukulu sindiziwerengera kwambiri pa nkhaniyi. Phunziro la Expressive Arts lilipo ku pulayimale, koma m'kalasi ya ana ochuluka chonchija, mphunzitsi amangojambula gitala pabolodi ana n'kukopera. Tchalitchi ndiye chili ndi chida, denga ndi nthawi.

Kwa abusa, ansembe ndi akulu ampingo amene akuopa kuti tikulowetsa za kudziko m'nyumba ya Mulungu, gawo lachiwiri la moyo wa Mary Lou ndi lanu. Atasiya kuyimba kuja anabwerera ku New York n'kudzipereka ku mapemphero, ndipo mu 1957 anabatizidwa mu mpingo wa Katolika. Anayambitsa bungwe la Bel Canto Foundation lothandiza oyimba amene anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndalama zake akuzipeza pogulitsa zovala zakaunjika, odwala ena akuwasunga m'nyumba mwake momwe. Amene anamukakamiza kubwerera ku piyano anali ansembe pamodzi ndi mnzake woliza lipenga Dizzy Gillespie, pomuuza kuti mphatso yake ndiyo njira yake yotumikira, ndipo chaka chomwecho cha 1957 anayimba ndi bandi ya Gillespie pa chikondwerero cha jazi cha ku Newport. Martin de Porres, munthu wakhungu lakuda wa ku Peru, atalengezedwa kukhala woyera mu 1962, Mary Lou anamupekera nyimbo. Kenako analemba nyimbo za Misa yathunthu m'kayimbidwe ka jazi, ndipo mu 1975 Misa yakeyo inayimbidwa m'tchalitchi chachikulu cha St. Patrick's ku New York. Panali otsutsa, monga momwe kuno kunalili otsutsa pamene ng'oma ndi visekese zinkalowa m'tchalitchi pambuyo pa msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965. Lero ndani angayerekeze kuzitulutsa?

Pali njira imodzi imene ndikuikana, ngakhale ikuoneka yokoma. Ndi ija yosonkhanitsa atsikana asanu, kuwaveka malaya ofanana, kuwaphunzitsa nyimbo ziwiri kuti akayimbe pa 8 Malichi, tsiku lokumbukira amayi pa dziko lonse, pamaso pa alendo olemekezeka, kujambula zithunzi, zida n'kubwerera m'kabati mpaka chaka chamawa. Zimenezo zimakondweretsa opereka thandizo, koma sizitulutsa woyimba. Mary Lou anakula chifukwa ankapikisana ndi amuna m'chipinda chimodzi. Iye mwini ankasimba za usiku wina ku Kansas City pamene Coleman Hawkins, Lester Young ndi ena anapikisana pa saxophone mpaka oyimba piyano onse anatopa, ndipo Ben Webster anakamugogodera pawindo m'bandakucha kuti adzuke akawathandize. Sanamudzutse pomuchitira chifundo kapena pofuna kuti pakhale mkazi. Anamudzutsa chifukwa ankatha. Benny Goodman ndi Duke Ellington, eni mabandi akuluakulu a nthawiyo, ankayimba nyimbo zokonzedwa ndi iye. M'zaka za m'ma 1940, pamene achinyamata ankayambitsa kayimbidwe katsopano ka bebop ndipo akuluakulu ambiri ankakanyoza, nyumba yake ku Harlem ndi imene Thelonious Monk, Bud Powell ndi Tadd Dameron ankasonkhanamo usiku kuyeserera ndi kumufunsa nzeru. Mu 1945 analemba Zodiac Suite, nyimbo ya zigawo 12, n'kuiyimba m'holo ya Town Hall ku New York. Mu 1977, ali ndi zaka pafupifupi 67, anakhala pa piyano m'holo yotchuka ya Carnegie Hall ku New York moyang'anizana ndi Cecil Taylor, woyimba piyano amene kayimbidwe kake ambiri ankati n'phokoso chabe. Zoimbaimbazo sizinagwirizane bwino, otsutsa ananena zambiri, koma mayi wokalambayo sanaope kuyesa.

Anthu a nthawi yake pomuyamikira ankati amayimba ngati mwamuna, ndipo iye sankakwiya nazo. Ine zimandinyansa, chifukwa ndimazimvanso kuno mtsikana akakhoza masamu kapena akapalasa njinga ya katundu kukwera chitunda. Koma ndimamvetsa chifukwa chake sankalimbana nazo: analibe nthawi ya mikangano, ankafuna mpando. Atsikana athu apatsidwe mpando womwewo umene anyamata amakhalapo, m'kwaya yomweyo, pa Lamulungu wamba, ndipo akalakwitsa adzudzulidwe chimodzimodzi.

Palinso nkhani ya dzina. Zaka zimene Mary Lou ankalembera mabandi, nthawi zambiri ankangolandira kandalama kapamanja, nyimbo n'kumakalemeretsa ena. Anaphunzirapo, ndipo pambuyo pake anatsegula kampani yake yojambula nyimbo, Mary Records, ndi ina yosunga umwini wa zimene analemba. M'makwaya athu muli amayi ndi atsikana amene amapeka nyimbo, kuiyamba ali kumunda, kuibweretsa ku kwaya, anzawo n'kuikonda. Ikafika ku situdiyo, amene wagwira kiyibodi ndi kompyuta ndiye amaoneka mwini, ndipo pa chimbale pamalembedwa dzina la kwaya kapena la mkulu wa kwaya. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti opeka nyimbo azilandira zawo, koma limalipira dzina limene lalembedwa. Mkazi amene sadziwa chida amafika ku situdiyo ngati mlendo pa nyimbo yake yomwe. Sangathe kunena kuti apa mwasintha, bwezerani mmene ndinapekera, chifukwa alibe njira yoonetsera.

Mary Lou zaka zake zomaliza anazithera pa yunivesite ya Duke ku North Carolina, kumene anayamba kuphunzitsa mu 1977, munthu amene ukatswiri wake sanautenge ku koleji. Mu 1978 anayimba ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, pa nthawi ya Jimmy Carter. Anamwalira ndi khansa pa 28 Meyi 1981 ali ndi zaka 71, ndipo kuyambira 1996 ku Kennedy Center ku Washington kunayamba chikondwerero cha jazi chotchedwa dzina lake. Ankalimbikira kuti ana aphunzire ndi khutu ndi mtima, ayambire pa nyimbo zauzimu ndi nyimbo za madandaulo zotchedwa blues za makolo awo asanathamangire zapamwamba.

Pa mfundo imeneyi ndili ndi dandaulo limene likukhudza anyamata omwe. Makiyibodi athu ali ndi batani limene ukalikanikiza makina amayamba okha kuliza ng'oma ndi besi, woyimba n'kumangogwira zala zitatu kumanzere. Kwaya ikakweza mawu, iye sasuntha zala, amangokanikiza batani la transpose lokweza kapena kutsitsa mawu. Zotsatira zake, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje nyimbo za m'tchalitchi zayamba kumveka chimodzimodzi, ndipo kugunda kwa magule athu a utse ndi likhuba kukuphwanyidwa kuti kukwane m'biti ya makina. Atsikana akamayamba, ayambe batani limenelo lili lozimitsa. Atenge nyimbo imene agogo awo amayimba, aifufuze ndi chala chimodzi mpaka aipeze, kenako dzanja lamanzere lichite zimene amachita wa kumawu aakulu pa valimba. N'kochedwa, ndipo miyezi yoyamba kumapweteka m'makutu mwa omvera. Koma pakatha zaka ziwiri mudzakhala ndi munthu woyimba, osati wokanikiza mabatani, ndipo sindikukayika kuti anyamata ena adzayamba kuzimitsa nawonso chifukwa cha manyazi.

Zoti zichitike sizifuna msonkhano wa ku Lilongwe. Komiti ya mpingo idulitse kiyi wachiwiri wa kabati ija n'kumupereka kwa mayi mmodzi wodalirika. Isankhe masana awiri pa sabata, dzuwa lisanapendeke, oti kiyibodi ndi ya atsikana, ndipo makolo awo auzidwe pa guwa kuti masana amenewo madzi akatunge alongo awo. Mwezi uliwonse, nyimbo imodzi pa mapemphero ailize mtsikana, ngakhale ikhale ya chopereka. Amene adzakane kwambiri si abusa kapena makolo ayi, ndi mnyamata wa kiyi uja, chifukwa akudziwa kuti maukwati a Disembala adzayamba kugawana ndi wina. Adzanena kuti atsikana awononga chida, kuti batire ikutha msanga, kuti iye yekha ndiye amadziwa kulumikiza mawaya. Komiti imumvere mwaulemu, kenako imufunse kuti iyeyo anaphunzirira pa kiyibodi ya yani, ndipo anagula ndani.